Utoto wa Madzi Usanafike Papepala

Kwathu kuno ku Chiparamba ambiri amati kujambula ndi utoto wa madzi kunabwera ndi sukulu za amishoni. Pepala ndi burashi, inde. Koma kusungunula utoto m'madzi n'kupaka, agogo athu ankachita kale. M'phanga la Thandwe, kufupi ndi Chipata, momwe David Phillipson anakumbamo pofufuza zakale, muli zithunzi za dothi loyera zopakidwa ndi chala. Zinzake zili ku Chongoni m'boma la Dedza, malo amene UNESCO inawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Zoyerazo zambiri n'za chinamwali ndi nyau, pamene zofiira, zakale kwambiri, timati n'za Akafula.

Amayi luso limeneli sanalitaye. Dzinja likatha amatsutsuta makoma ndi katondo wofiira ndi makande akuda, mvula ikadzachotsa amapakanso.

Papepala zinthu zinatembenuka. Wojambula pathanthwe ankapaka utoto woyera pamwala wodera. Wa papepala sapaka woyera: poyera ndi pamene wasiya dala osakhudza. Amayamba ndi utoto wosungunuka kwambiri, n'kumakuza mtundu pang'onopang'ono, chifukwa pamene wadetsa sipayeranso. Mitambo amaijambula papepala lonyowa kuti utoto uyenderere wokha. Ineyo ndinaona mphunzitsi wina akuwaza mchere wa m'khitchini pa utoto usanaume, ndipo panatuluka mawanga ngati a nkhanga. Koma mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pepala limauma usanatsuke n'komwe burashi, choncho ojambula ozindikira amalawirira m'mamawa.

Wojambula wa kuno ku Zambia Henry Tayali, amene anamwalira mu 1987, anayamba ndi utoto wa madzi womwewu ali mnyamata ku Bulawayo, asanapite ku Makerere ndi ku Düsseldorf. Lero nyumba yoonetsera zithunzi ya bungwe la Visual Arts Council ku Showgrounds ku Lusaka ili ndi dzina lake. Kutsidya ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, n'kumajambula zilombo za gule wamkulu, ndipo achinyamata a m'midzi yozungulira ankaphunzirira pomwepo kujambula ndi kusema.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kumaphunziro a zojambula timangodandaula kuti utoto wa m'sitolo wakwera mtengo. Katondo wosefedwa pansalu, wothiridwa kaulimbo ka mtengo pang'ono, amagwira bwinobwino papepala, ndipo mwana aliyense wa kuno amadziwa pomwe amake amakakumba.