Rangeley: woweruza milandu amene anasiya mbiri ya makolo ku Mandala

Munthu akachoka ku Nyambadwe kulowera ku Limbe amadutsa pa Chichiri, pamene pali bwalo la masewero la Kamuzu. Mwa anthu amene amadzaza bwaloli Bullets ikamakumana ndi Wanderers, ndi ochepa amene akudziwa kuti poyamba linkatchedwa Rangeley Stadium. Dzinalo linachoka pamodzi ndi ulamuliro wa atsamunda, ndipo palibe chodandaulitsa, poti mwini wake, William Rangeley, anali mkulu m'boma lomwelo. Koma mkuluyu anasiya chinthu china chimene sitiyenera kuchitayira kumodzi ndi dzina la pabwalo. Ndi mapepala a mbiri ya mitundu ya m'dziko muno, amene akusungidwa m'laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, m'nyumba ija inamangidwa mu 1882.

Rangeley anabadwa mu 1910 ndipo anamwalira mu 1958, asanakwanitse zaka 50. Anakhalapo DC ku Nkhotakota, kenako anakwezedwa kukhala woyang'anira chigawo chonse cha kummwera, ofesi yake ili mu Blantyre. Masiku amenewo DC ankaweruzanso milandu, ndipo apa ndi pamene panachokera luso lake lolemba mbiri. Mlandu wa munda, wa banja kapena wa ufumu sukanaweruzika ndi munthu wosadziwa udindo wa mwinimbumba, mphamvu za ankhoswe, kapena malire a mkamwini pamudzi pa eni ake. Kuti amvetse zimenezi ankayenera kukhala pansi ndi akuluakulu, kufunsa, kubwereza funso kwa munthu wina, ndi kulemba zimene aliyense wanena. N'chifukwa chake nkhani yake ya malamulo a Achewa inatuluka msanga, mu 1948, chaka chimene magazini ya Nyasaland Journal inayamba. Pambuyo pake anasiya kufunsa za mlandu umodzi n'kuyamba kufunsa za kumene anthuwo anachokera. Analemba za nyau ku Nkhotakota mu 1949 ndi 1950, za Makewana ndi kachisi wa mvula wa ku Msinja mu 1952, za Mbona mu 1953, ndiponso za ulendo wa Mpwitikizi Gaspar Bocarro, amene mu 1616 anayenda kuchokera ku Tete mpaka ku Kilwa kudutsa dziko la Amaravi. Nkhani zake za Amakololo, Ayao, Aluya ndi Angoni zinasindikizidwa iye atamwalira kale, kuchokera m'zimene anasiya.

Kufunika kwa mapepalawa kumaoneka tikakumbukira zinthu ziwiri. Mu 1919 moto unapsereza maofesi a boma ku Zomba ndipo makalata ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda anathera pomwepo. Komanso nkhalamba zimene Rangeley ankacheza nazo zinali zitaona ndi maso nthawi ya a Jumbe ku Nkhotakota ndi nkhondo za Angoni, kapena zinamva kwa makolo awo enieni. Mbadwo umenewo unatha kalekale. Zimene unanena zatsala m'malo ochepa, ndipo amodzi mwa malowo ndi m'mafayilo a Rangeley. Bambo Matthew Schoffeleers, amene anatha zaka zambiri akufufuza za Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi ku Nsanje, anagwiritsa ntchito zolemba zimenezi m'buku lawo la mu 1992, ngakhale kuti sanagwirizane naye pa zonse.

Pali otsutsa, ndipo mfundo yawo ndi yolemera. Amati munthu wokhometsa msonkho, amene mawu ake akanatha kukweza mfumu kapena kuitsitsa, sangauzidwe zoona zokhazokha. Mfumu ikadziwa kuti wofunsayo ndi bwana DC, imafotokoza mzere wa makolo ake moti mpando ukhale wake. Izi n'zoona, ndipo aliyense wowerenga Rangeley azikumbukira. Koma chimene mfundoyi ikutiuza n'chakuti mapepalawa tiziwawerenga ngati umboni wa m'bwalo la milandu, osati ngati chigamulo. Mboni yokondera simumaipitikitsa ayi. Mumaimva, n'kufunsa kuti ikupindulapo chiyani, kenako n'kuitana ina. Mboni zina zilipo: Yohanna Abdallah analemba mbiri ya Ayao mu 1919, Samuel Josia Ntara analemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, ndipo mafuko ambiri akusungabe nkhani zawo pakamwa. Pamene Rangeley akusiyana ndi Ntara, wofufuza wanzeru amapezapo phindu lalikulu, chifukwa kusiyanako kumaonetsa amene ankakangana ndi chimene ankakanganira.

Chidandaulo chachiwiri n'chovuta kuyankha. Zina zimene analemba zokhudza nyau ndi za kudambwe, zimene eni ake salola kuti zimveke kwa wosameta. Mtsamunda anali ndi mphamvu yofunsa zimene munthu wamba akanalipira nazo mlandu. Apa sindikuona chomuikira kumbuyo, ndipo ndikhulupirira kuti akuluakulu a gule ali ndi ufulu wonena mmene zolembazo zizigwiritsidwira ntchito lero.

Koma zimenezi zikutifikitsa pa funso la mwini wake wa mapepalawa. Dzanja lolemba linali la Mzungu, koma mawu ake ndi a agogo a anthu a ku Nkhotakota, ku Lilongwe, ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Vuto ndi lakuti zonsezi zili m'Chingerezi, m'magazini imene amawerenga kwambiri ndi akatswiri a m'mayunivesite, ambiri a iwo akunja. Mphunzitsi wa mbiri pasekondale ku Ndirande kapena ku Bangwe amakhala pafupi ndi Mandala kuposa onsewo. Society of Malawi, mogwirizana ndi nthambi za mbiri m'mayunivesite athu, ingathe kuyamba ndi nkhani za Mbona ndi Makewana: kuzimasulira m'Chichewa, kupita nazo ku Khulubvi ndi ku Msinja, kuziwerenga pamaso pa osunga akachisiwo, ndi kulemba mayankho awo pambali pa mawu a Rangeley.