Kodi Zoteteza Akambuku a ku India Zinayamba Bwanji?

FUNSO: Ndimamva kuti akambuku amizeremizere a ku India anatsala pang'ono kutha. Anawatha ndani? (Wowerenga wa ku Zomba)

YANKHO: Amene anawatha ndi omwenso anayamba kuwasunga: atsamunda a ku Britain ndi mafumu a ku India amene ankadyera nawo limodzi.

Kwa boma la atsamunda, kambuku anali chilombo chotchinga msonkho. Kumene kunali akambuku anthu ankaopa kutsegula minda, ndiye boma linaika mphoto kwa aliyense wopha chilombochi. Katswiri wa mbiri yakale Mahesh Rangarajan anapeza kuti pakati pa 1875 ndi 1925 kunaphedwa akambuku oposa 80,000.

Uzimba unalinso njira yoonetsera ufumu. Bwana ankakhala phee pamsana pa njovu, mfuti ili m'manja, pamene anthu a m'midzi ankalowa m'tchire wapansi, akuimba ng'oma ndi kukuwa, kukusira chilombocho kwa iye. Mu 1911 Mfumu George V ya ku Britain ndi gulu lake anapha akambuku 39 m'masiku 10 okha ku Nepal. Mfumu ya ku Surguja inkadzitama kuti payokha inapha oposa 1,000.

FUNSO: Nanga nkhalango zotetezedwa zinachokera kuti?

YANKHO: Zinachokera ku njanji ndi ku uzimba womwewo. Njanji zinkadya matabwa ambiri, choncho mu 1864 atsamunda anakhazikitsa dipatimenti ya zankhalango, yotsogoleredwa ndi Dietrich Brandis wa ku Germany. Lamulo la mu 1878 linaika nkhalango zabwino kwambiri m'manja mwa boma. Munthu amene makolo ake ankadyetsa ziweto, kutola nkhuni ndi kufula uchi m'menemo anangodzuka ali wakuba.

Nawo mafumu ankatchinga nkhalango zawo kuti anthu wamba asakhudze nyama, alendo olemekezeka adzapeze choombera. Ranthambore inali ya mafumu a ku Jaipur, Sariska ya ku Alwar, Bandhavgarh ya ku Rewa, ndipo zonsezi lero ndi malo otetezera akambuku. Paki yoyamba inatsegulidwa mu 1936, ndipo pambuyo pake inapatsidwa dzina la Jim Corbett, mlenje wotchuka popha akambuku odya anthu.

FUNSO: Dziko litalandira ufulu mu 1947, zinthu zinasintha?

YANKHO: Sizinasinthe msanga. Makampani anayamba kugulitsa maulendo a uzimba kwa alendo olemera, zikopa zikupita kunja. Mu 1961 Prince Philip wa ku Britain anawombera kambuku ku Ranthambore. Kalembera wa mu 1972 anapeza akambuku 1,827 okha, pamene cha m'ma 1900 akuti analipo pafupifupi 40,000.

Apa ndi pamene nduna yaikulu Indira Gandhi inachita dzanja lolemera. Lamulo loteteza nyama zakutchire linabwera mu 1972, ndipo mu 1973 ntchito ya Project Tiger inayamba m'malo 9, bungwe loteteza zachilengedwe la WWF litalonjeza madola 1 miliyoni. Koma ntchitoyi inamangidwa pa maziko akale: nkhalango zomwe zija, dipatimenti yomwe ija, ndi maganizo omwe aja akuti munthu wakumudzi ndiye mdani wa nkhalango.

FUNSO: Lero ndalama zikulowapo bwanji?

YANKHO: Akambuku achulukanso ndithu. Kalembera wa mu 2022 anasonyeza kuti alipo pafupifupi 3,682, kuposa dziko lina lililonse. Kambuku wamoyo tsopano ndi chuma: alendo amalipira kuti amuone ali pagalimoto, ndipo mahotela azinga mapaki. Koma phindulo silifika mofanana kwa amene ng'ombe zawo zimagwidwa usiku. Midzi yambiri yasamutsidwa, monga ya anthu a mtundu wa Baiga ku Kanha, ndipo banja lovomera kuchoka limapatsidwa marupi 1.5 miliyoni.

Kambuku wakufa nayenso ali ndi msika, chifukwa mafupa ndi zikopa zimazembetsedwa kupita ku China ndi mayiko ena. Mu 2005 zinadziwika kuti ku Sariska sikunatsale ngakhale mmodzi, chonsecho m'mabuku a boma ankawerengedwabe. Alonda ndi malire okha sizinawapulumutse.

Mu 2006 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo lobwezera anthu a m'nkhalango ufulu wawo, ndipo linanena poyera kuti anthuwa analakwiridwa kuyambira kale. Kudzera m'lamuloli, anthu a mtundu wa Soliga ku Karnataka analoledwa kukhalabe ndi kufula uchi m'nkhalango ya akambuku, ndipo akambukuwo adakalimo. M'madera ambiri lamuloli likuyenda mochedwa, chifukwa dipatimenti imene inapangidwa kuti izitulutsa anthu m'nkhalango ndi yomwe idakasungabe makiyi.