MBIRI YA MOTO WAUKURU WA KU AMERICA

Ife tonse okhala m'midzi tidziwa kuti moto wa m'thengo uli wa mitundu iwiri. Ulipo moto wa nyengo ya cisanu, udzu usanaumitse, umene uyenda pang'ono pang'ono nuzima wokha madzulo pakugwa mame. Ulipo moto wa m'malimwe, mwezi wa October, umene uthamanga ndi mphepo, nupha mitengo yaikuru, nufika ngakhale pa nkhokwe ndi pa tsindwi la nyumba. Tsono mwezi uno tifuna kukusimbirani za dziko la United States, ku America, kumene Boma linayesa kuletsa mitundu iwiri yonseyi, ndipo zinapita zaka zoposa 60 lisanabvomereze kuti pakuletsa moto waung'ono linalikuweta waukuru.

M'caka ca 1905, masiku a President Theodore Roosevelt, Boma la dzikolo linakhazikitsa bungwe losunga nkhalango, dzina lace Forest Service, ndipo mkuru wace woyamba ndiye Gifford Pinchot. Alonda ace anali owerengeka, koma mapiri amene anawapatsa kuyang'anira anali otambalala kopambana. M'caka ca 1910 mvula inakanika ku maiko a Idaho ndi Montana, ndipo moto unabuka m'malo ambiri, wina woyamba ndi mphezi, wina ndi mbaliwali zocokera ku sitima za pa njanji. Pa 20 August kunadza cimphepo coopsa, cimene cinasonkhanitsa moto wonsewo nukhala umodzi. Ndipo pa masiku awiri okha anapsa maekala ngati 3,000,000. Anafa anthu oposa 80, ambiri a iwo amuna olembedwa nchito yozima moto, ndipo mudzi waukuru wa Wallace unapsa limodzi la magawo ace atatu.

Pa tsiku lomwelo mlonda wina, dzina lace Edward Pulaski, anazingidwa ndi moto pamodzi ndi anthu ace oposa 40. Iye, podziwa mapiriwo, anawatsogolera ku phanga la mgodi wakale, nawauza agone cafufumimba, naimirira yekha pa khomo ndi mfuti m'dzanja kuti wina asathawire kunja ndi mantha. Asanu anafera m'menemo, koma otsalawo anaturuka amoyo. Munthu yemweyu anakonzanso cida cimene cichedwa dzina lace, cokhala ndi nkhwangwa mbali imodzi ndi khasu mbali yina, ndipo ozima moto a dzikolo akhala nacigwiritsa nchito kuyambira pamenepo.

Akuru a nkhalango amene anaona tsokalo ndi maso ao anatsimikiza mtima kuti moto uli wonse ndiwo mdani. Koma analipo ena otsutsa. Eni dziko akale, amene Azungu anawacha Amwenye, monga mitundu ya Karuk ndi Yurok ku California, anazolowera kuocha thengo pa nyengo yace, kuti njira zitseguke, nyama zipeze msipu, ndi zitsamba zolukira madengu ziphuke zoongoka. Alimi ndi oceka matabwa ena anafuna kutsata mwambo womwewo. Koma a Boma anauyesa umbuli, nauletsa. M'caka ca 1935 anaika lamulo lakuti moto uli wonse uzimitsidwe isanakwane 10 koloko m'mawa mwace mwa tsiku limene unamveka. Ndipo m'caka ca 1944 anayamba kufalitsa cithunzi ca cimbalangondo cochedwa Smokey Bear, cakucenjeza ana ndi akuru omwe kuti asayatse moto m'nkhalango. Nchitoyo inaoneka ngati yapambana, pakuti moto unacepadi zaka zambiri.

Koma taonani cimene cinali kucitika pansi pa mitengo. M'mapiri ouma a kumadzulo kwa dzikolo mumera mtundu wa paini wochedwa ponderosa, wa khungwa locindikala. Kale moto waung'ono unali kupita m'menemo kawiri kawiri, nunyambita masamba ogwa, nthambi zouma ndi timitengo tating'ono, osapweteka mitengo yaikuru. Cotero nkhalango inakhala yoyera pansi, mitengo itatalikirana. Pamene moto unaletsedwa, zinyalala zija zinaunjikana caka ndi caka, timitengo tinamera mothithikana, ndipo nthambi zace zinasanduka makwerero amene moto ukwerapo kufikira kunsonga. Moto wa kunsonga, wolumpha mtengo ndi mtengo, palibe munthu angathe kuuzima ndi khasu kapena ndi madzi. Paja akuru athu amati, moto umapita kumene kwatsala chire. Ndipo Boma, losadziwa, linali kusunga chire lomwelo. Mlonda wina, Harold Weaver, analemba za coopsa cimeneci m'caka ca 1943, koma anamumvera ndi owerengeka. M'caka ca 1968 osunga malo a Boma ochedwa National Parks analola kuti moto wina upse moyang'aniridwa, ndipo m'caka ca 1978 a Forest Service analeka lamulo lija la 10 koloko.

Pamenepo nchito inali itakula kale, cifukwa zinyalala za zaka zambiri sizicoka ndi kuocha kamodzi. Kuonjezera apo, nyengo za dzuwa zinayamba kutalika ndi kutentha koposa kale, ndipo anthu ocuruka anamanga nyumba zao m'kati mwa nkhalango. Ku Paradise, ku California, pa 8 November 2018 moto woyamba pa nthambo za magetsi unadza ndi mphepo yolimba, nutha pafupi mudzi wonsewo. Anafa anthu 85, ndipo nyumba ndi zomangidwa zina zoposa 18,000 zinapsa.

Ndipo m'midzi yopsa yotere ofufuza anapeza cinthu codabwitsa, ndico nyumba yosanduka phulusa, mitengo ya pambali pace ikali ndi masamba. Jack Cohen, wofufuza wa Forest Service, anasonyeza kuti nyumba zambiri sizipsa ndi lawi lalikuru la m'nkhalango, koma ndi mbaliwali zouluka ndi mphepo, zimene zigwera pa denga, m'masamba ounjikana pa khoma, kapena pa mulu wa nkhuni. Ndi kuti cimene cipulumutsa nyumba ndico denga losagwira moto msanga, ndi bwalo loyera lozungulira. Cifukwa cace m'caka ca 2005 Boma la California linalamula eni nyumba a m'malo oopsa kulambula zouma kufikira mapazi 100 kuzungulira nyumba, pamene kale anali mapazi 30 okha.

Tsono mbiri imeneyi itisonyeza kuti nchito ili pawiri. Kusamala nkhalango, kupatulira mitengo ndi kuocha pa nyengo yoyenera, ndiyo nchito ya Boma pamodzi ndi mafumu ndi anthu odziwa mphepo ndi nyengo. Si ya munthu ali yense wofuna mbewa kapena nyama. Koma bwalo la nyumba ndi la mwini nyumba, ndipo palibe mlonda adzamlambulira. Ife amene nyumba zathu zambiri ndi nkhokwe zathu zifoleredwa ndi udzu, tiyeni tilambule pozungulira mudzi mame asanaleke kugwa, tiike mitolo ya udzu ndi nkhuni patali ndi tsindwi, ndipo tipangane ndi anansi athu. Pakuti mbaliwali yocoka pa bwalo losasesa sifunsa kuti denga ili nla yani.