Mbiri ya Chilolezo pa Kugawana Mafayilo

Kuyambira masiku amene anthu anayamba kulumikiza makompyuta ndi nthambo, kuti zolembedwa zosungidwa m'makina amodzi ziwerengedwe pa makina ena, panabuka funso limene makolo ankalidziwa bwino polandira alendo pamudzi, lakuti wafikayu ndani, ndipo aloledwe kulowa mpaka pati.

Unix, pulogalamu yoyendetsa makompyuta imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kuipanga ku Bell Labs m'chaka cha 1969, inadzagawa anthu patatu, mwini fayilo, gulu lake, ndi ena onse, ndipo aliyense ankapatsidwa kapena kumanidwa mphamvu zitatu: kuwerenga, kulemba, ndi kuyendetsa pulogalamu. Koma Unix imadziwa munthu ndi nambala osati dzina. Tsono pamene kampani ya Sun Microsystems inakonza njira yogawana mafayilo yotchedwa NFS mu 1984, makina osunga mafayilo ankangokhulupirira nambala imene makina opempha atchula. Kotero kuti mlembi amene analemba kalata ali pa makina osungawo monga 1001, akabwerera pa kompyuta yake imene imamudziwa monga 1000, ankapeza kalata yake yomwe itamutsekera, ngati munthu wobwezedwa pakhomo pa nyumba imene anamanga ndi manja ake.

Mbali inayo, Barry Feigenbaum wa ku IBM anali atayamba kale njira ina yotchedwa SMB mu 1983, imene Microsoft inaitenga niikulitsa. Pofika 1993, Windows NT inabwera ndi mwambo wakewake, pakuti fayilo iliyonse inayamba kukhala ndi mndandanda wa ololedwa ndi oletsedwa, ndipo munthu ankadziwika ndi chizindikiro chachitali chimene Unix sinachimvepo. Mitundu iwiriyi inakhala ngati omanga nsanja ya Babele atasokonezedwa chilankhulo.

Womasulira anachokera ku Canberra, m'dziko la Australia, kumene wophunzira wina, Andrew Tridgell, anakhala akutchera khutu ku mauthenga oyenda m'nthambo kufikira atazindikira kayankhulidwe ka SMB, natulutsa mu 1992 pulogalamu imene inadzatchedwa Samba. Kwa zaka zambiri iye ndi anzake anagwira ntchitoyi mofufuza okha, mpaka akuluakulu a European Commission analamula Microsoft mu 2004 kuti iulule malamulo a njira zake, ndipo a Samba anapeza zolembedwazo mu 2007. Pang'onopang'ono mitima inafewa: NFS yachinayi inatengera mindandanda yofanana ndi ya Windows, SMB2 inadza mu 2006, ndipo mu 2013 Apple nayo inaika SMB patsogolo pa njira yake yakale ya AFP.

Komabe walira mvula walira matope. Lero fayilo yogawana imalonderedwa ndi zipata ziwiri, chipata cha pa netiweki ndi chipata cha pa disiki pamene fayiloyo yagona, ndipo chimene chakana ndicho chimapambana. N'chifukwa chake wosamalira makina amazunguzika, atatsegula chipata choyamba ndi mtima wonse, koma mnzake wa mu ofesi akudandaulabe kuti foda ikuoneka koma ikukana kusunga ntchito yake. Ena akatopa amalemba 777, nambala yopatsa aliyense mphamvu zonse, kumene kuli kuzula chitseko chifukwa kiyi wavuta. Kuopsa kwa khomo losasamalidwa kunaoneka mu Meyi 2017, pamene pulogalamu yoononga yotchedwa WannaCry inalowera pa chilema cha SMB yakale niimitsa ntchito m'zipatala zambiri za ku Britain.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Iye amene adziwa mbiri imeneyi sathamangira kugwetsa mpanda, koma amayamba wafunsa modekha kuti makina osungawo akumuona wopemphayo ngati yani, ali m'gulu liti, ndipo ndi chipata chiti mwa ziwirizo chamubweza. Pakuti kawirikawiri wokanidwayo ndi mwini nyumba ndithu, amene mlonda sanamuzindikire nkhope.