Ana a m'makomboni a ku Mvurwi ndi mayeso a 2008

Ana amene analemba mayeso a Fomu 4 m'chaka cha 2008 ku Mvurwi, tauni yaing'ono ya m'boma la Mazowe ku Mashonaland Central, anayamba Giredi 1 mu 1998. M'zaka 11 zimenezo minda ikuluikulu ya fodya yozungulira tauniyo, imene kumeneko amati mapulazi, inasintha eni ake, ndipo maphunziro a ana a antchito anagwedezeka pamodzi ndi ntchito za makolo awo.

Pakati pa anawo panali zidzukulu za amuna amene anachoka ku Nyasaland, Tete ndi Fort Jameson kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia, ena pa okha, ena kudzera mwa Mthandizi. Ambiri anatchona, nabereka ana m'makomboni. Kunyumba ankayankhula Chichewa, ndipo gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, ankatuluka pa maliro. Kusukulu chinenero chawo chinalibe malo: lamulo la maphunziro la 1987 linaika patsogolo Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Sukulu zambiri za pulayimale zinali pa malo a mwini pulazi, monga momwe inalili nyumba imene mwanayo ankagonamo. Bambo akachotsedwa ntchito, banja linkataya malipiro, pogona ndi sukulu nthawi imodzi.

Anawa ali mu Giredi 3, m'chaka cha 2000, kulanda mapulazi kunayamba. Alimi ang'onoang'ono ambiri amene analibe malo anapeza minda, koma antchito a m'mapulazi amene anagawiridwako anali ochepa kwambiri. Mabanja ena anatsalira m'makomboni n'kumadalira maganyu kwa eni atsopano, ena anasamuka, ndipo mwana ankangosowa m'kalasi osatsanzika. M'madera ogawidwawo munatsegulidwa sukulu zongoyembekezera, zina m'nyumba zakale za azungu, zina m'mabalani owotchera fodya.

Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, nkulamula kuti aliyense amene angakhale ndi unzika wa dziko lina awukane mwa malamulo a dzikolo. Anthu obadwira ku Zimbabwe, amene sanapondepo ku Dedza kapena ku Angónia, anawerengedwa alendo. Kholo lopanda chitupa silinkatha kupezera mwana chikalata cha kubadwa, chimene sukulu zinkafuna polembetsa mayeso a Giredi 7. Choncho mu 2004 panali ana amene anaphunzira zaka zisanu ndi ziwiri, koma ulendo wawo unathera pakhomo pa chipinda cha mayeso.

Amene anadutsa anakumana ku sekondale mu 2005, chaka cha Operation Murambatsvina, pamene boma linagwetsa nyumba ndi timisika m'matauni. Sekondale m'mapulazi zinali zochepa kuyambira kale, motero mwana wa m'komboni ankayenda mtunda wautali kapena kugonera kwa achibale m'tauni. Thandizo la fizi la BEAM, limene boma linayambitsa mu 2001, silinafikire onse.

Chaka chomaliza ndicho chinawawa koposa. Boma lenilenilo linalengeza kuti pofika Julayi 2008 mitengo inali kukwera ndi 231 miliyoni peresenti. Malipiro a mphunzitsi anasanduka mapepala chabe. Ambiri ananyanyala, ena anawoloka Limpopo. Chiwawa cha chisankho chinavuta m'midzi ya Mashonaland, ndipo mu Ogasiti kolera inabuka, nkupha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse. Ophunzira analowa m'mayeso a ZIMSEC ataphunzira pang'ono chabe chaka chimenecho, ndipo zotsatira zinachedwa miyezi yambiri. Sukulu zinayambanso kuyenda mu 2009, boma la mgwirizano litakhazikitsidwa, David Coltart ali nduna ya maphunziro, aphunzitsi atayamba kulandira ndalama za ku America.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, napereka unzika kwa obadwira ku Zimbabwe kwa makolo a m'maiko a SADC. Kalasi ya 2008 inali itapitirira kale zaka 20 zakubadwa. Amene chikalata chinawatsekereza mu 2004 analandira ufuluwo ali kale ndi makasu m'manja, ena ana kumbuyo. Phindu lake linagwera ana awo, amene tsopano angathe kulembetsa mayeso ngati nzika, bola kholo lithe kufika ku ofesi ya kalembera ndi mboni zofunika.