Lizi, fodya ndi nyumba za kuno ku Kasungu

Anzanga amene akuyandikira kupuma pantchito nkhani yawo masiku ano ndi ya nyumba. Wina wapeza poloti chakumbali ya ku Mtunthama, wina akufuna yomangamanga kale pa Chinkhoma, wina m'tauni mwenimweni. Amafunsana za mtengo, za malata, za madzi. Ine poti ndimaphunzitsa mbiri yakale funso langa limakhala lina: dothi limene nyumbayo yakhalapo ladutsa m'manja mwa ndani? Pamalamulo, abale anga, chimene munthu amagula ndi ufulu umene wogulitsayo ali nawo pamalopo, njerwa zimangotsatira. Ndipo kuno kwathu ufulu umenewo unaumbidwa ndi fodya.

Pamene Harry Johnston ankapereka mapepala a umwini wa malo kwa azungu cha m'ma 1892 ndi 1893, ambiri mwa malowo anali kummwera, ku Blantyre, Thyolo, Mulanje ndi Zomba. Kuno Angerezi anagonjetsa Mwase Kasungu kumapeto kwa 1895, koma minda inakhalabe m'manja mwa mafumu. Wofuna pokhala ankapita kwa nyakwawa, n'kumuloza malo, iye n'kuthokoza ndi nkhuku. Akasamuka, malo ankabwerera kumudzi. Mawu oti kugula panalibe.

Zinthu zinatembenuka titalandira ufulu. Lamulo la Land Act la 1965 linagawa malo patatu: a boma, a mafumu, ndi a munthu payekha. Linapatsanso nduna mphamvu yotenga malo a mafumu n'kuwapereka kwa munthu pa lizi. Pambali pake panali lamulo la Special Crops Act, limene linachititsa kuti fodya wa bale ndi wa fuluu azilimidwa ndi a maesiteti basi. Mlimi wamba ankalima chikopa n'kugulitsa ku ADMARC pamtengo wonena boma, pamene mwini esiteti ankapita yekha ku okushoni. Mukuona apa? Lizi inasanduka chiphaso cholimira fodya wa ndalama.

Oyamba kudya bwino anali akuluakulu: makampani a Press Farming ndi General Farming, nduna ndi mabwana a chipani amene Kamuzu ankawalimbikitsa kutsegula maesiteti, komanso alimi a pansi pa bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. M'zaka za m'ma 1980 anthu wamba nawonso anaitulukira njira. Pofika 1989 maesiteti m'dziko muno anali atapitirira 14,000, ndipo Kasungu linali limodzi mwa maboma amene anali nawo ochuluka zedi.

Apa ndiye ndichedwepo, chifukwa milandu yambiri ya lero inabadwira pomwepa. Esiteti yaing'ono ya nthawi imeneyo kawirikawiri inali minda ya banja lonse. Abale ankaphatikiza minda yawo kuti malo akule, mfumu n'kusaina kuti yavomera, mapepala n'kudzera kwa DC kupita ku Lilongwe. Koma pepala limafuna dzina, ndiye ankalembapo dzina la munthu mmodzi, mwina amalume, mwina amene anapitako kusukulu. Kumudzi aliyense ankadziwa kuti malowo ndi a mbumba. Ku ofesi ankadziwa kuti ndi a bambo uje. Bambo ujeyo atamwalira, ana ake anatulutsa pepala, ana a alongo ake anatulutsa mwambo. Malire nawonso ambiri anali ongojambula pamanja, asaveya osafikapo, mabikoni osakwiriridwa.

Kenaka mu 1990 boma linayamba kulola alimi ang'onoang'ono kulima bale. Lizi inatha mchere. Ambiri anasiya kulipira msonkho wa malo, ena mapepala anadyedwa ndi chiswe m'sutukesi. Koma malizi aulimi ambiri anali a zaka 21 zokha. Tawerengani nokha: wotenga lizi mu 1985 inamuthera mu 2006. Ndipo pansi pa lamulo la 1965, lizi ikatha malowo sankabwerera kwa mfumu, ankasanduka a boma. Tsono mukaona zidzukulu zikudula mapoloti pamalo pamene panali zigafa ndi nyumba za matenanti, mudzifunse kuti akugulitsa chiyani kwenikweni. Ndinaonapo pangano lina lolembedwa bwino ndithu, mboni zinayi, chidindo cha mfumu chofiirira, koma malowo anali atachoka m'manja mwa mafumu wogulayo asanabadwe.

Nyumba imene ili pa lizi yamoyo njira yake ndi yodziwika, ingotopetsa. Wogula amayamba wakafufuza m'kaundula wa malo ku unduna, kuti aone ngati dzina la wogulitsa ndi lomwe lili pa lizi, ngati yatsala ndi zaka zingati, komanso ngati nyumbayo sinaikidwe chikole kubanki. Ngati mwini wake anamwalira, wogulitsa akhale ndi kalata ya khoti yomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye. Kukhala mwana woyamba si chilolezo. Loya amalemba pangano ndi chikalata chosinthira umwini. Pamafunika chilolezo cha unduna wa za malo, pakuti mwini dothi ndi boma, ndipo ngongole ya msonkho wa malo iyenera kuthetsedwa kaye. Pamafunikanso kalata ya MRA yosonyeza kuti wogulitsa alibe mangawa a msonkho, ndi ya khonsolo ngati nyumbayo ili m'tauni. Ukalipira msonkho wa sitampa, chikalatacho chimalowa m'kaundula. Tsiku limenelo ndi pamene nyumba imakhala yako, ngakhale makiyi unalandira chaka chatha.

Nanga nyumba ya pamalo a mafumu? Makhoti akhala akunena kambirimbiri kuti malo otere sagulitsidwa monga agulitsidwira malo a lizi, chifukwa wokhalapoyo ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito chabe. N'chifukwa chake m'mapangano akumudzi mumapeza mawu ozungulira, akuti ndalamayo ndi ya mitengo ya mango, ya njerwa, kapena yothokoza. Sindikunyoza kalata ya amfumu ayi. Pamlandu imathandiza kusonyeza kuti unalowa masana, anthu akuona. Koma kubanki sailandira, ndipo ufumu ukasintha mwini, wolowayo nthawi zina amaiwerenga mwina.

Boma linauona msokonezowu kalekale. Bakili Muluzi anakhazikitsa komiti yofufuza za malo mu 1996, ndondomeko ya dziko inatuluka mu 2002, koma malamulo atsopano anadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu 2016, n'kukonzedwanso mu 2022. Zaka 20 zathunthu kuchokera pa komiti kufika pa lamulo! Lamulo la Customary Land Act la 2016 limalola banja kapena munthu kulembetsa malo a makolo n'kulandira chiphaso, kudzera m'komiti ya malo imene wapampando wake ndi gulupu, ndipo mwa mamembala asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu kapena kuposerapo ayenera kukhala amayi. Kasungu linali m'gulu la maboma oyesererapo ntchitoyi, pamodzi ndi Phalombe ndi Rumphi. Ine mbali ya amayiyi ndimaiyamikira, poti m'nthawi ya maesiteti maina awo ndiwo ankasowa kwambiri pamapepala, chonsecho minda yambiri inali ya kuchikazi.

Koma komiti ya gulupu imaona za malo a mafumu. Poloti yodulidwa pa esiteti yakale nkhani yake ili m'faelo ya lizi ija, ndipo faeloyo ili ku ofesi ya malo ya chigawo chapakati ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 130 kuchokera pano. Wopita kukaifufuza atenge nambala ya lizi ndi dzina la amene analembedwa poyamba, pakuti ku ofesi dzina la mdzukulu amene akugulitsayo salidziwa.