Mthenga ndi Mkhalapakati m'Dziko la M'mbelwa

Pa maboma onse a dziko lino, ndi ochepa amene anthu ake akhala akudikira mawu ochokera kutali kwa nthawi yaitali monga achitira anthu a ku Mzimba. Pakuti kuyambira pamene msonkho wa nyumba unaikidwa pa Angoni a M'mbelwa m'chaka cha 1906, patangopita zaka ziwiri chichitikire msonkhano wa ku Ekwendeni pamene Sir Alfred Sharpe anapangana ndi makosi kuti dziko lawo lilowe pansi pa boma la Angerezi, amuna a kuno sanaleke kunyamula mkeka ndi ndodo kulowera kummwera, ndipo akazi, ana ndi nkhalamba sanaleke kuyang'ana kunjira. Iye amene afuna kumvetsa chifukwa chake mayi wa ku Luwerezi kapena ku Mabiri amawawidwa mtima chotere foni yake ikakana kugwira netiweki, ayambe wadziwa kuti mayiyo ndi mdzukulu wa anthu amene kalata imodzi ankaiyembekeza kuchokera dzinja lina kufikira dzinja linzake.

Makalata asanadze, mawu ankayenda ndi miyendo. Inkosi ikafuna kuitana nduna zake, kapena kulengeza maliro a munthu wamkulu, inkasankha mnyamata waliwiro ndi wokhulupirika, nimuuza mawuwo pamaso pa akuluakulu. Ndipo iye pofika kumene watumidwa ankayamba wakhala pansi, napereka ulemu, kenaka n'kutula mawu aja monga anawalandirira, podziwa kuti amene anamva potumidwa adzamvanso za momwe anakafikitsira. Zolembalemba zinadza ndi amishoni a Livingstonia. William Koyi, mlaliki wochokera ku Lovedale, anakhazikika pa Njuyu mu 1882, ndipo mu 1902 Donald Fraser anatsegula mishoni ya Loudon pa Embangweni, imene sukulu zake za m'midzi zinafalikira kummwera konse kwa bomali. Nthambo ya lamya ya kampani ya Cecil Rhodes, imene inafika ku Karonga zaka za m'ma 1890 zisanathe, inatsata gombe la nyanja, nisiya mapiri a Viphya ndi chigwa cha Rukuru kumadzulo. Kotero kuti ngakhale anyamata a kumpoto ankaphunzira ntchito yogogoda lamya pa sukulu ya Dr Robert Laws ku Khondowe, kumudzi kwawo kalata inkadzabe pamutu pa munthu woyenda pansi, m'thumba la positi imene boma linakhazikitsa mu 1891.

Tsono kalata ikafika m'mudzi, mwini wake kawirikawiri sankatha kuiwerenga, ndipo apa ndi pamene panabadwira udindo wa mkhalapakati, umene sunafe mpaka lero. Mayi ankaimanga pansonga ya nsalu, naisunga kufikira tsiku la Sabata. Mapemphero akatha ankatsalira pakhonde la tchalitchi cha udzu, chimene pakati pa mlungu chinali sukulu, nadikira kuti mphunzitsi amalize kupatsana moni ndi akulu a mpingo, ndipo pamenepo ankagwada chapatali, natambasula manja onse awiri. Mphunzitsi ankang'amba envulopu mosathamanga, nayamba ndi moni wautali wa kwa atate, kwa amayi, kwa azakhali ndi kwa ana mmodzimmodzi, nafika pa za ng'ombe yoti isagulitsidwe ndi za msonkho woti ukaperekedwe ku boma. Koma akafika pa mawu amene mwamuna anafuna amve mkazi wake yekha, kapena pa chidzudzulo chowawa chochokera pa mphekesera zimene munthu wofika kumene ku migodi anakatula kumeneko, mphunzitsi wanzeru ankatsitsa mawu, ndipo nthawi zina ankasalaza pokhakhala. Yankho linkadzera m'dzanja lomwelo, ndipo mwamunayo naye, ali m'komponi ku Joni kapena ku Halale, nthawi zambiri ankapempha mnzake wodziwa pensulo kuti amuwerengere. Ine ndiona kuti aphunzitsi amenewa sanalandire ulemu wowayenera m'mbiri yathu, pakuti anasunga m'mitima mwawo zinsinsi za midzi yathunthu, ndipo ambiri anapita nazo kumanda. Komabe chinali chinthu cholemetsa ndithu kuti mkazi asathe kunena ndi mwamuna wake mawu ngakhale amodzi popanda munthu wachitatu kuwamva.

Komiti imene boma la atsamunda linasankha mu 1935 kuti ifufuze za amuna opita kunja inayerekeza kuti analipo 120,000, ndipo maboma a kumpoto anali m'gulu la amene anakhuthuka koposa. M'zaka zotsatira ena ankapita kudzera ku mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi Mthandizi, ena paokha, mwa selefu, ndipo amene anasiya kulemba ankatchedwa machona. Koma taonani chifundo chimene chinali m'kuchedwa kwa masiku awo: mwamuna akakhala chete chaka chathunthu panali zifukwa zambiri zomuikira kumbuyo, kuti kapena kalata inanyowa powoloka mtsinje, kapena anasintha bwana, kapena womulembera anasamuka, ndipo apongozi ankakhala nacho chomutonthozera mtengwa wawo. Telegalamu inali ina. Mawu ake ankalipiridwa limodzilimodzi, chotero inkakhala yaifupi ndi youma, ndipo mesenjala akatulukira nayo pa njinga mitima inkayamba kugunda isanatsegulidwe, popeza sikawirikawiri munthu ankataya ndalama zotero pa nkhani yabwino.

Wayilesi inayamba kulowa m'nyumba za anthu wamba mu 1949, pamene kunadza kawayilesi kotsika mtengo kopangidwa ngati poto, komvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka. Ndipo m'zaka za MBC inafulumizitsa mauthenga a maliro, koma munthu sakanatha kuifunsa kanthu, ndiponso kuyambira 1968 mpaka 1994 Chitumbuka, chiyankhulo cha pakhomo cha anthu a ku Mzimba, chinachotsedwapo. Pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown mu April 1974, nipha Amalawi oposa 70, ngozi imene inachititsa Dr Kamuzu Banda kuletsa kwa kanthawi kulemba anthu a ku migodi, banja la kumudzi lokhala ndi mwana kumeneko linalibe njira yachangu yofunsira ngati wawo ali moyo. Telefoni ya nthambo inalipo pa boma, ku positi ndi m'maofesi, koma woifuna ankayamba walembetsa kwa wolumikiza nthambo, nakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka.

Kusintha kwenikweni kunadza ndi foni ya m'manja, ndipo kunakumana ndi nthawi imene anyamata a ku Mzimba, tsankho litatha ku South Africa mu 1994, anayambanso kukhamukira ku Joni mwa selefu, bungwe lolemba anthu a ku migodi la TEBA litaleka kulemba Amalawi mu 1988. Kampani ya TNM inayamba mu 1995, ndipo Celtel, imene inadzasanduka Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010, inatsatira mu 1999. Poyamba zinali za mabwana a m'mizinda. Anthu wamba ankapita ku telefoni byulo, kumene mtsikana wokhala patebulo ankawerenga mphindi pa wotchi, akumva zonse zimene mayi akunena ndi mwana wake, monga ankamvera mphunzitsi uja. Kenaka mafoni anayamba kufika m'midzi m'zikwama za matransipota, pamodzi ndi mabulangete, njinga ndi mawayilesi, nthawi zambiri nsanja za netiweki zisanafike. Mudzi uliwonse unadziwa malo ake: pamwamba pa chulu cha kuseri kwa dimba, kapena pamtunda wa ku sukulu, kumene munthu ankaima atakweza dzanja, natembenuka pang'onopang'ono kufikira kamzere kamodzi kataoneka. Ankapangana tsiku ndi ola, Lamulungu masana, ndipo agogo ankawatsogolera kumeneko ndi ndodo yawo. Batire likatha, mwana ankapalasa njinga kupita kwa wometa tsitsi wa pamsika amene anali ndi sola, nalipira, nabwerako madzulo. Wopanda mayunitsi ankangofulasha, kuti wa kunja ndiye aimbe. Ndipo a m'malire, cha ku Jenda ndi ku Mqocha, anaphunzira mowawa kuti foni imatha kugwira nsanja ya ku Zambia mwini wake ali pakhomo pake, mayunitsi n'kutha mosadziwika. Zonsezi anthu anazipirira, ndipo anali ndi chifukwa. Pakuti mu May 2008, pamene alendo ankaphedwa ndi kuwotcheredwa nyumba m'makomboni a Johannesburg, mayi wa ku Manyamula anatha kumva mawu a mwana wake tsiku lomwelo, chinthu chimene amayi a 1974 sanachilote.

Koma walira mvula walira matope. Ndalama zimene kale zinkadza pa positi oda kapena m'thumba la wobwerera kumudzi tsopano zimadza pa foni, chiyambire Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, kapena kudzera ku Mukuru; ndipo aliyense amene anaimapo pafupi ndi kanyumba ka ejenti pa Jenda kapena pa msika wa Mzimba kumapeto kwa mwezi anaona mkhalapakati wakale uja atavala malaya atsopano. Gogo amamasula nsonga ya chitenje, natulutsa foni ndi kapepala kopindapinda kolembedwa manambala anayi achinsinsi, napereka zonse ziwiri kwa mnyamata wa m'kanyumbamo, amene sam'dziwa n'komwe dzina la atate ake. Mnyamata amadina, namuuza kuchuluka kwa zimene zalowa, ndipo gogo alibe njira yotsimikizira, pakuti uthenga walembedwa m'Chingerezi ndi tizilembo tating'ono. Nthawi zina yankho ndi lakuti ndalama zoti apereke zamuthera, abwerenso mawa. Nthawi zina ndi lakuti netiweki palije, ndipo ndalama ya thiransipoti yapita chabe. Manambala aja akalakwika kangapo, akaunti imatsekedwa, ndipo kuitsegulitsa kumafuna ulendo wina ndi chiphaso cha unzika, chimene chinayamba kuperekedwa mu 2017 ndipo mu 2018 chinafunikanso polembetsa simu khadi iliyonse. Maejenti ambiri ndi anthu oona mtima, koma mphunzitsi wa pa Embangweni anali ndi mpingo ndi mudzi womuyang'anira, pamene wakuba wa masiku ano amaimba ali kutali, nkhope yake osaoneka, nanena ndi mawu aulemu kuti katundu wochokera kwa mwana wanu wagwidwa pachipata, tumizani zakutizakuti msanga. Ndipo m'dziko limene khomo lililonse likuyembekezadi katundu, bodza lotere limapeza khutu lotseguka.

Pali chinthu chimodzi chimene ndichiyamika ndi mtima wonse, ndicho uthenga wa mawu wa pa WhatsApp. Mkazi amene sanapite patali ndi sukulu amalowa m'nyumba, natseka chitseko, nadina ndi chala, nayankhula m'Chitumbuka chake zonse za kukhosi, kuseka ndi kulira komwe, ndipo mwamuna wake ku Cape Town amamva mawuwo monga anatulukira, popanda wolemba, popanda wowerenga, popanda wosalaza. Chiyambire ulendo wa ku migodi, mabanja a anthu osadziwa kulemba anali asanakhalepo ndi ufulu wotere. Komatu chifundo chija cha kuchedwa chinapita nacho. Lero kukhala chete kulibe pobisala: tizizindikiro timaonetsa kuti uthenga wafika ndi kuti wamvedwa, chithunzi chatsopano chimaoneka pa Facebook, ndipo mkazi sangadzinamizenso kuti kalata inanyowa pamtsinje. Mchona wamakono amadziwika pa sabata imodzi. Nayenso wa kunja, amene mwina ntchito yamuthera ndipo akugona kwa mnzake, foni yake imalira m'mawa ndi madzulo ndi zopempha za fizi, za feteleza ndi za malata, kufikira ena, pothedwa nzeru ndi manyazi, amangosintha nambala.

Kompyuta inalowa ndi khomo la m'maofesi, m'mabanki ndi m'masukulu, ndipo mlimi anakumana nayo maso ndi maso pamene ndondomeko ya zipangizo za ulimi zotsika mtengo ya AIP inayamba mu 2020, nifuna kuti chiphaso cha munthu aliyense chiyambe chawerengedwa ndi makina asanagule thumba. Cholinga chinali chabwino, chotseka njira ya makuponi achinyengo. Koma m'madera ambiri a dziko lino alimi anagona pamalo ogulitsira, feteleza ali m'nyumba, ndalama ili m'manja, kalaliki ali pampando, chosowa n'chimodzi, netiweki. Kalaliki wakale wa buku ndi pensulo unkatha kumudandaulira, mfumu n'kukuchitira umboni kuti ndiwe yemweyo. Wa lero amangotembenuza makina kuti udzionere wekha, pakuti naye alibe mphamvu pa iwo. Ndipo magetsi akavuta, monga anavutira kwa miyezi yambiri namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, nsanja, banki ndi wotchaja mafoni amavutikira pamodzi. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo chimanga cha ku Champhira chimene chaphonya feteleza wokulitsa sichimva zoti makina anali ndi vuto. Amene amakonza ndondomeko zoterezi ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre akadachita bwino kusiya buku la papepala pambali pa makina aliwonse, lovomerezeka ndi lamulo pa tsiku limene netiweki yakana, ndi kuonetsetsa kuti uthenga wa ndalama uzitha kumveka ndi khutu m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, kuti gogo wa ku Emfeni adzimvere yekha zimene mwana wake watumiza asanapereke foni yake m'dzanja la munthu wina.